Mayi wa Pakhonde la M'mwamba

Bambo atadwala sitiroko tinawatenga kuti azikhala nafe. Mwendo wakumanja ankachita kuukoka, dzanja linapindikira pachifuwa, ndipo mawu anawathawa onse kungotsala atatu: "madzi", "iyayi" ndi "basi". Ndi mawu amenewo tinkamvana bwinobwino, chifukwa Bambo ngakhale ali bwino sanali munthu wa nkhani. Katundu wawo anabwera m'makatoni awiri. Ya zovala ndinaimasula. Inayo, ya zitsulo ndi timawaya takale, ndinaikankhira kunsi kwa bedi, kudikira tsiku loti ndidzaitaye iwo asakuona.

Lamlungu lina masana tivi inali kudzilankhulira yokha monga imachitira kwathu. Ine ndinali pansi ndikumasula tsitsi la mwana wanga Kadontho, iye akulira ngati ndikumusenda. Mlamu wanga Waya, mng'ono wa amuna anga, anali atadzitaya pampando wautali. Waya amakonza mafoni mumsika, ndipo popeza akulu ake amakhalitsa pamsewu ndi lole, iye amabwera Lamlungu lililonse kudzationa. Amafika mbale zikamatuluka.

Pa tivi panayamba filimu yakale ija ya woimba lipenga, uja amamubera lipenga m'mawa wa ukwati wa eni ake n'kumalisaka tauni yonse. Anaijambula m'tauni mwathu momwemuno, ndiye wamkulu aliyense amaidziwa.

"Aiononga," anatero Waya, osadzuka n'komwe. "Mukuimva nyimboyo, alamu? Si imeneyo. Yeniyeni inali ya magitala, iyi ndi yogonetsera ana. Ndipo taonani anthuwo, onse abuluu ngati agona mufiriji."

"Tsitsa mapaziwo. Mpando umenewo sunagule iwe."

"Ine ndikunena za luso, inu mukunena za mpando."

"Lusolo ukatopa umakhalapo?"

Bambo anali pampando wawo pafupi ndi zenera, bulangete pamaondo. Masiku amenewo tivi ankangoiyang'ana monga munthu amayang'anira mvula. Koma woimba uja atatulukira mumsewu wa masitolo akuthamanga, jekete ikuuluka kumbuyo, ndinamva mpando ukulira. Bambo anali atasendera kutsogolo, khosi atalitalikitsa. Anakweza dzanja labwino lija n'kuloza. Sankaloza galasi la tivi ayi. Ankaloza pamwamba pake, pakhoma, pamene panalibe kanthu.

"Iyayi," anatero. "Iyayi. Iyayi."

Ndinadzuka kukaona ngati pali nalimata. Panalibe. Ndinawapatsa madzi, anakankha kapu. Woimba uja anakhota pakona, msewu unatha, Bambo n'kutsitsa dzanja. Misozi inkatsika, iwo osaipukuta. Madzulo amenewo sanadye.

Mawa lake ndinaimbira azakhali, mlongo wa Bambo, ndili pa saluni pamene ndimaluka tsitsi. Foni ndinaipanira paphewa, zala zili m'mutu mwa kasitomala.

"Mumsewu wa masitolo?" anatero azakhali. "Ndiye amafuna amako."

Zala zinaima zokha.

"Nthawi imeneyo ankakhala m'nyumba yosanja ija, chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato. Tsiku lojambula anthu onse anatsikira mumsewu kukaonerera, amako anakana, amati ali ndi zochapa. Ndiye kamera inawatenga osadziwa, ali pakhonde akuyanika. Ku holo ya kanema sankaoneka. Koma atamwalira, bambo ako anabwereka kaseti ya filimuyo kuti aiwaleko mavuto, n'kungoona mkazi wawo ali pamwamba pa chithunzi. Kaseti imeneyo sinabwererenso kwa eni ake."

"Nanga ine bwanji sindikuzidziwa?"

"Ankakuonetsa uli wamng'ono. Iwe unkangokuwa kuti lipenga, lipenga. Kenako deki yoonetsera makaseti inafa. Ndipo bambo akowo ukuwadziwa, nkhani amaisunga ngati mankhwala a makoswe, patali ndi ana."

"Mwandikoka, mayi," anatero kasitomala, akundiyang'ana m'galasi. Ndinapepesa, n'kumasula mzere wonse chifukwa unali utakhota.

Mayi anga anamwalira ndisanadziwe kulankhula bwino. Zithunzi zawo zinali m'sutikesi imene inalowa madzi chaka chimene mphepo inasasula denga, ndipo zinamatirirana n'kukhala chinthu chimodzi cholimba ngati sopo. Anthu ndawafunsa. Azakhali amati anali aatali. Mayi wina amene ankakhala moyandikana nawo amati anali aafupi, kungoti ankayenda mothamanga. Wina amati ndinawatengera maso, wina amati sindinawatengere chilichonse. Ndinafika posiya kufunsa, chifukwa chinthu chimene sungachipeze umangochisiya, ntchito n'kumayenda. Ndinkaganiza kuti ndinasiyadi. Koma tsiku limenelo ndinaluka mitu yonse osaiona.

Nditafika kunyumba ndinakoka katoni ija. Kaseti inali pansi penipeni, yokulungidwa m'malaya akale a Bambo. Pakawindo kake pankaoneka zoyera ngati wina wathiramo ufa. Chinali chuku.

Waya anabwera pakati pa sabata, chinthu chimene sachita. Anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza, n'kuwerenga kapepala kofufuma ka m'mbali.

"Alamu, mukudziwa chimene mumagonera pansi pa bedi?"

"Bedi ndi la Bambo."

"Tili ndi gulu pa foni, anthu okonda filimu imeneyi. Eni ake ataikonzanso anasintha nyimbo, anasintha mitundu, anachotsa chigawo chonse cha kumsika, yakaleyo n'kuibisa. Ndiye ife tikuimanganso kuchokera m'makaseti a anthu. Wina ali ndi chiyambi chabwino koma mapeto anadyedwa, wina mawu abwino chithunzi chakufa, timangolumikiza. Koma ya kutulutsa koyamba ngati iyi, ya magitala enieni, taisaka mpaka tatopa."

"Anthu akuluakulu, ntchito mulibe?"

"Ntchito tili nazo. Izi n'za mtima."

"Ndiye mvera za mtima wanga. Magitala anuwo ndilibe nawo ntchito. Pamwamba pa msewu wa masitolo pali khonde, pakhondepo pali mayi anga. Bambo awaone, ine ndiwaone. Zotsalazo mutenge."

Anayang'ana kwa Bambo. "Zimenezo n'zosavuta, alamu."

"Foni yanga ija unatinso n'zosavuta. Inabwera isakulira, inabwerera isakuyaka."

Kaseti yachuku saiika mudeki, anandiuza, imapha makina nayonso n'kufera momwemo. Amayamba aipukuta ndi manja, kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Anaitsegula patebulo ndi kasikuludiraiva kake ka mafoni, n'kutulutsa mawilo awiri n'kuwagoneka pansalu yoyera. Wina azizunguza wilo ndi chala, wina azigwira tepi pakati pa kansalu konyowetsa ndi sipiriti, ikudutsa. Waya ankazunguza ngati akuthamangira basi, ndiye ndinamuuza kuti andisonyeze bwino kamodzi, azipita. Ndinkapukuta ndekha ndikaweruka, kusanade, Kadontho nditamutsekera panja ndi anzake. Ntchitoyo inadya sabata yathunthu.

Ine ndinkaganiza kuti tepi ukaikweza padzuwa umaona tizithunzi tating'ono tondondozana. Ndinaikweza. Inali riboni yakuda basi, yonyezimira mbali imodzi. Ndinamuimbira Waya kumufunsa kuti msewu wa masitolo uli pati. Anati maso sangaone, koma uli cha pamene wilo loyamba layamba kuonda pang'ono. Kuchokera pamenepo ndinkapukuta monga umasambitsira khanda m'khosi. Penapake mayi anadutsa pakati pa zala zanga, ine osadziwa kuti ndi pati.

Bambo ankandiyang'anira ali pampando wawo, maso osachoka patebulo. Kansalu ndikakanyowetsa kwambiri ankati, "Basi."

Wokopera makaseti pa gulu lawolo anali mkulu wina amene onse ankamutchula kuti a Dokotala. Sanali a kuchipatala. Ankakonza mativi kale, ndipo ndi iwo okha amene anali ndi deki yamoyo yolumikizidwa ku kompyuta. Tsiku limene anasankha linali Loweruka, saluni itadzaza ndi operekeza mkwatibwi, ndiye sindikanapita. Kaseti ndinaikulunganso m'malaya aja n'kumupatsa Waya pakhomo.

"Khonde," ndinatero.

"Khonde, alamu. Ndalilemba pamtima."

Pobwerako anadzera pa saluni, mano onse ali panja. "Yalowa yonse, osaduka ngakhale pamodzi."

"Ndionetse."

"A Dokotala satulutsa ntchito yosapsa. Ipite kaye kwa wokonza mitundu, ichoke kumeneko ipite kwa wa mawu, kenako wolumikiza. Ikatha tidzaonera limodzi tonse."

"Ine yosapsayo ndiyo ndikuifuna."

"Ndi lamulo la gulu."

"Gulu la anthu osakwatira," anatero mwini saluni, amene amamva chilichonse ngakhale draya ikulira. "Akanakhala ndi ana sakanadziwa n'komwe kuti nyimbo yasintha."

"Ana tili nawo, mayi," anatero Waya. "Kungoti timawalera ndi nyimbo zolondola."

Ndinadikira. Mwezi unatha, wina unayamba. Tsiku lina popita kukagula meshi ndinadzera mumsewu wa masitolo, n'kuima tsidya lina. Nyumba yosanja ija kulibenso. Pali nyumba ya magalasi yogulitsamo matayala a bafa, ndipo pamene panayenera kukhala khonde pali chikwangwani. Ndinaima pang'ono, mlonda atayamba kundiyang'ana ndinapitiriza ulendo.

Pakati pa kudikirako Bambo anagwa kubafa, sitiroko itawabwereranso. Anagona kuchipatala masiku angapo, ndipo potuluka mawu oti "basi" anali atapita nawonso. Namwino anandiitanira pambali n'kundiuza kuti yachitatu ikadzabwera ndisadzadabwe. Amuna anga anaimba ali kumalire, amati ndilimbe mtima. Ndinati mtima ndi wolimba, vuto ndi kuterera kwa pansi pa bafa, abwere ndi mphasa ya labala. Tsiku lililonse powadyetsa Bambo ndinkawauza kuti filimu akuikonza, mayi muwaona. Ankasiya kutafuna n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Uthenga unabwera kuti filimu yapsa, tikaonere Lamlungu masana kwa a Dokotala. Bambo ndinawameta ndevu, ndinawaveka jekete ndi nsapato zotseka. Kadontho ndinamusiya kwa oyandikana nawo, n'kuitana takisi. M'njira monse Bambo ankakonza kolala ndi dzanja labwino lija.

Shopu ya a Dokotala inali kuseri kwa nyumba yawo. Mativi akufa anasanjikizana mpaka kudenga, ndipo munkanunkha fumbi lotentha. M'mazenera anapachikamo mabulangete. Anthu analipo odzaza minibasi imodzi: amuna a imvi, anyamata a makutu otseka ndi timawaya, atsikana awiri ofanana ngati pachibale. A Dokotala anali aafupi, magalasi ena pamphuno ena pamutu. Anawagwira dzanja Bambo mwaulemu n'kuuza anthu kuti, "Eni kaseti apatseni kutsogolo."

Anazimitsa getsi. Magitala atayamba, chipinda chonse chinapuma mpweya limodzi. Bambo wina wa imvi kumbuyo kwanga ankaimba nawo, mawu akunjenjemera. Ndisaname, nyimboyo inali yokoma, ndipo anthu a m'filimumo anali ndi khungu la anthu.

"Mwaona?" ananong'ona Waya. "Ali ndi magazi tsopano."

"Nanga zakuda zili pamwamba ndi pansizo n'zachiyani?"

"Ndi mmene inkaonekera ku holo. Timabwezera—"

Sanamalize. Pakamwa panakhala potsegula, ndipo ngakhale mumdima ndinaona kuti wakumbukira za khonde.

Woimba anatulukira pakona akuthamanga. Msewu wa masitolo. Chikwangwani cha sitolo ya nsapato. Pamwamba pa chikwangwanicho panaoneka miyendo ya zitsulo za khonde, ndi kansonga ka nsalu yoyera ikudontha madzi. Kupitirira apo, mdima. Bambo anatalikitsa khosi, dzanja linanyamuka mpaka pachifuwa, linaima, kenako linabwerera pabondo. Sananene ngakhale "iyayi". Chimenecho ndicho chinandidzutsa pabenchi.

"Imitsani."

Anthu anang'ung'udza. Wina anati ndikhale pansi, mutu wanga si wagalasi. A Dokotala anaimitsa n'kuyatsa getsi.

"Khonde lili kuti?" ndinafunsa.

"Khonde lake liti, mayi?" Anandiyang'ana, anayang'ana Waya, n'kuvula magalasi a pamphuno pang'onopang'ono. Anali atakumbuka.

"Ndikufotokozereni," anatero. "Kamera imatenga chithunzi chachitali. Ku holo ankabisa pamwamba ndi pansi, chifukwa kumeneko kumakhala zosafunika: maikolofoni, mawaya, anthu ongoonerera. Opanga makaseti ndiwo ankatsegula zonse kuti tivi idzaze. Ife tikubwezera ya ku holo, ndiye m'mphepetemo timadula."

"Yanu dulani, ndi yanu. Ine ndipatseni yosadula."

"Yosadula palibe. Makina angawa amadula chithunzi chikamalowa kumene. Ndinawatchera choncho kalekale, kaseti iliyonse imadutsa choncho. Mlamu wanuyu anandiuza za khonde, sindikana, ndipo ndinavomera. Koma tsikulo maso anga anali pa tepi kuti isaduke, dzanja linangodina pamene limadina masiku onse."

"Komatu wojambula sankafuna kuti m'mphepetemo muzioneka," anatero bambo woimba nawo uja, mofatsa ndithu, ngati akundithandiza.

"Wojambulayo si m'bale wanga."

"Alamu," anayamba Waya.

"Iwe khala kaye. A Dokotala, kaseti ili kuti? Iikeninso."

A Dokotala anadzuka. Anapita pashelefu n'kubwera ndi pepala loyera lopinda. Atalitsegula munali fumbi lakuda, losalala ngati mwaye.

"Izi ndinazisesa mudeki itangotuluka kaseti yanu. Si fumbi, mayi, ndi filimuyo. Tepi ikuyoyoka. Ikhoza kuyendanso kamodzi, ikhozanso kuthera pakhomo. Mnzathu wina ali kunja ali ndi deki yofatsa, yosakoka. Abwera nayo chaka chikamatha. Mukadikira imeneyo, mwayi ndi waukulu. Pa yangayi sindilonjeza."

Ndinayang'ana Bambo. Jekete imene inkawakwana potuluka kuchipatala koyamba tsopano inali kulendewera m'mapewa. Maso anali pachithunzi choimitsidwacho, pa kansonga ka nsalu kaja.

Ndinasendera pafupi ndi a Dokotala kuti Bambo asamve. "Kaseti ingadikire. Awa sindikudziwa."

"Nanga ikaduka tisanafike?"

"Iduke tikuyang'ana."

Anavalanso magalasi. Anavundukula deki n'kuyamba kupukuta m'kati ndi kansalu ka sipiriti, pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo. Anati tepi isazungulitsidwe ndi makina chifukwa amakoka mwankhanza, ndiye Waya analowetsa chala m'wilo n'kumazunguza, akuyang'ana pakawindo kuti aime msewu utatsala pang'ono. Ulendo uno sanathamange. Palibe amene anatuluka. Mmodzi wa atsikana aja anawabweretsera Bambo madzi, iwo n'kumwa. A Dokotala anakoka tivi ina yakale, yonenepa, ya galasi la mbali zofanana, anailumikiza, kenako anandiitanira pa kompyuta.

"Onani ndi maso anu. Zodulira zija ndazichotsa. Chilichonse chili pa tepi chilowa."

Sindinkadziwa chimene ndikuyang'ana, koma ndinagwedeza mutu. Ndinasendeza mpando wa Bambo mpaka maondo awo anatsala pang'ono kugunda tebulo, ine n'kugwada pambali pawo.

Deki inameza kaseti. Panamveka kulira kwa m'kati, galasi linachita chipale, kenako chithunzi chinabwera chikunjenjemera, mizere yoyera ikudutsa. Chinali chachitali, chodzaza galasi lonse. Woimba anali m'kanjira akufunsa mayi wogulitsa malasha, ndipo pamwamba pa mitu yawo panatsika chinthu chaubweya pandodo ngati khoswe wopachikidwa. Mnyamata wina anaseka kuti maikolofoni, anzake n'kumuletsa. Chithunzi chinapindika, chinada, chinabwereranso. Ndinamva a Dokotala akulankhula ndi deki motsitsa mawu monga munthu amalankhulira ndi ng'ombe yodwala.

Pakona. Msewu wa masitolo.

Pamwamba pa sitolo ya nsapato panali khonde lathunthu, zitsulo zake, chingwe, ndi chitseko chotsegula kumbuyo. Ndipo panali mayi, atavala diresi yachikasu ya manja aafupi, beseni lili pamapazi. Msewu wonse unkathamanga pansi pawo, iwo osayang'anako n'komwe. Anatsika ndi maondo, msana uli chilili, n'kutola nsalu m'beseni. Anaikung'untha kamodzi, anaiponya pachingwe, anaiwongola m'mbali.

Nkhope inali yaing'ono ngati nyemba, ndipo tepi inkaikokera uku ndi uku ngati nkhope ya m'madzi. Ndinasendera mpaka mpweya wanga unachita nthunzi pagalasi. Pafupi panali poipa kuposa patali, timadontho tokhatokha. Ndinabwerera m'mbuyo. Sindinathe kudziwa ngakhale kuti maso ndi aakulu kapena aang'ono.

Kenako anatembenukira cham'mbali kuti afikire kumapeto kwa chingwe, dzanja lina litagwira kumsana, m'chiuno. Diresi inali itakwera kutsogolo. Mimba inali yaikulu, ya masiku otsiriza.

Dzanja la Bambo linandigwira pamkono, molimba mpaka kuwawa.

"Iwe," anatero.

Mawu amenewo sanali pa aja anawatsalira. Ndinawayang'ana, iwo maso ali pagalasi.

"Iwe."

Mayi aja anadzutsa mutu n'kucheukira kuchitseko, ngati wina wawaitana m'nyumba. Anayankha kanthu. Mapewa anagwedezeka, ankaseka. Ife tinkangomva magitala. Anabwezanso mawu ena, akuloza chitseko ndi chopanira zovala, ndipo pomwepo chithunzi chinang'ambika pakati. Mudeki munamveka ngati munthu akufinya pepala. A Dokotala anazula waya kukhoma.

Anapisa manja mudeki. Kaseti inatuluka ikukoka matumbo, tepi yokwinyika ndi yoduka, manja a a Dokotala akuda bii. Anaigoneka pamalaya a Bambo aja, anapukuta zala pa buluku, n'kuwerama pa kompyuta. Anakhalitsa pamenepo.

"Yalowa," anatero. "Mpaka pamene yadukira."

Waya anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kubisa nkhope m'chipewa.

Mtsikana wa madzi uja anabwera pafupi. "Anti, pali pulogalamu ina imene ingawakonzere nkhope. Imatulutsa maso, mphuno, chilichonse, yoyera bwino."

"Nkhopeyo iitenga kuti?"

"Imayerekeza."

"Oyerekeza ndili nawo kale ambiri, mwana wa mayi. Zikomo. Isiyeni choncho."

Bambo wa imvi uja anafunsa ngati angaonenso khondelo kamodzi, pa kompyuta. Anati filimu imeneyi waionera moyo wake wonse koma m'mwambamo sanayang'anemo. A Dokotala anandiyang'ana kaye, ine ndinavomera. Tinaonera kangapo, anthu ataimirira kumbuyo kwa mpando wa Bambo. Filimu yawo yakupsa ija sanaimalize tsiku limenelo.

Kachidutswako Waya anandiikira pa foni. N'kakafupi, kamatha madzi a tiyi asanayambe n'kulira komwe. Ndimakaonera pa saluni kasitomala akachedwa, mawu nditazimitsa. Ndaphunzira kuti foni ukaigwira patali, mkono utawongoka, nkhope ija imakhala ngati ikufuna kubwera. Ukaiyandikitsa imathawa. Kadontho ndinamuonetsa, ndinati awa ndi agogo ako, ine ndili umu. Anafunsa kuti ndinkapuma bwanji, kenako anafuna masewera a pa foni.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi pakamwa paja. Tsiku lina ndinakhala pambali pa Bambo, tinaonera limodzi, ndipo pamene mayi akucheukira kuchitseko ndinaimitsa.

"Anawaitana ndani m'nyumbamo?"

Anadzigunda pachifuwa ndi dzanja labwino.

"Munawauza chiyani kuti aseke choncho? Nanga iwo anati chiyani?"

Mbali yamoyo ya nkhope yawo inakwera. Akudziwa. Akukumbuka mawu onse, a iwo ndi a mayi, ndinaonera m'maso. Anatsegula pakamwa, milomo inagwedera, khosi linalimba. Unatuluka mpweya wokha. Anayesanso mpaka thukuta, ine n'kuwauza kuti zikhale, tidzayesa mawa.

Ndiye m'mawa uliwonse ndikamawamanga mabatani a malaya ndimafunsanso, mosakakamiza, ngati ndikufunsa za nyengo. Masiku ambiri amangondiyang'ana. Dzulo panatuluka kaphokoso kamene sindinakamvepo, koyamba ndi milomo yotseka. Ndinaimitsa manja pabatani. Kuchipinda Kadontho ankaitana kuti nsapato inzake sakuiona, ndipo nthawi ya kuntchito inali itakwana kale. Ndinamuuza kuti adikire kaye.